Nyongolotsi za m'chigoba cha oyster: kodi zimadwalitsa munthu?

FUNSO

Bambo wina wa ku Nkhata Bay, amene amagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina ku Kempton Park, ku South Africa, watilembera ali ndi nkhawa. Ntchito yawo ina ndi yotsegula nkhono za m'nyanja yamchere zotchedwa oyster. Nthawi zina amapeza matuza akuda mkati mwa chigoba, ndipo mpeni ukaboola thuzalo mumatuluka matope onunkha ndi kanyongolotsi kakang'ono. Poti anakulira kunyanja, kumene nkhono zimafalitsa likodzo, akufunsa ngati angadwale pogwira zimenezi, komanso ngati alendo odya ali pangozi.

YANKHO LA MLANGIZI

Za likodzo mtima ukhale m'malo. Tizilombo ta likodzo timakhala m'nkhono za m'madzi opanda mchere, ngati a ku Nyanja ya Malawi. Oyster imakhala m'madzi amchere ndipo sinyamula matendawa.

Chimene bambowa akuona ndi nyongolotsi za m'magulu a Polydora ndi Boccardia. Zimaboola chigoba n'kumanga kanjira kodzaza matope. Oyster ikamva mlendo wosaitanidwayu imamata pamalopo ndi chigoba chatsopano, ndipo thuza lija limabadwa motero. Nyongolotsiyi sidya nyama ya oyster, ndiponso silowa m'thupi la munthu. Wolira ndi mlimi wa oyster. Mphamvu zimene oyster ikanakulira zimathera pokonza chigoba, chigobacho chimasanduka chosachedwa kusweka, ndipo mlendo amene walipira ndalama zambiri sangalandire mbale yonunkha matope.

Alimi a ku South Africa vutoli amalidziwa bwino. Oyster zimalimidwa ku Saldanha Bay ndi ku Algoa Bay, pamene nkhono yamtengo wapatali ya perlemoen imawetedwa m'mathanki ku Hermanus ndi ku Gansbaai. Mu 2004, m'mafamu a perlemoen munapezeka nyongolotsi yotchedwa Boccardia proboscidea, imene kwawo ndi kumpoto kwa nyanja ya Pacific. Carol Simon wa pa yunivesite ya Stellenbosch ndi anzake ataifufuza, anapeza kuti ndi yofanana kwambiri ndi za kugombe la kumadzulo kwa North America. Mtunda wonsewo nyongolotsi singasambire. Imayenda ndi malonda: m'zigoba za nkhono zamoyo zimene alimi amagulitsana pakati pa mayiko, komanso pa sitima zapamadzi.

Koma South Africa si wodandaula chabe, nayenso anapatsirako anzake. Nyongolotsi ya ku South Africa yotchedwa Terebrasabella heterouncinata inapita ku California itabisala m'zigoba za perlemoen, ndipo mu 1993 inapezeka ikupundula zigoba m'mafamu a kumeneko. Itathawira kugombe la Cayucos ku California komweko, anthu anachita kutola nkhono pafupifupi 1.6 miliyoni kuti isowe pobereka. Njirayo inathandiza, koma ndi kamodzikamodzi pamene chamoyo chobwera chimagonjetsedwa chikalowa kale m'nyanja.

Kumafamu amalimbana ndi nyongolotsi za matuza zija poviika oyster m'madzi opanda mchere kapena amchere wambiri, kapenanso poziyanika kwakanthawi pamphepo. Zimachepa ndithu, koma sizitheratu.

Nanga m'khitchini? Ngati thuza silinabooke ndipo nyama ikuoneka ndi kununkhira bwino, oyster ija ndi yodyeka. Ngati labooka matope n'kukhudza nyama, aitaye, ndipo auze bwana wawo kuti adandaule kwa wogulitsa. Chimene mlangizi akuona kuti n'choopsa kwenikweni ndi china chosaoneka ndi maso: mabakiteriya a Vibrio, amene amaswana msanga oyster ikatenthedwa. Kempton Park ili kutali ndi nyanja, choncho katunduyu amayenda ulendo wautali asanafike pambale. Vibrio imatsegula m'mimba munthu akadya oyster yaiwisi, imalowanso pabala, ndipo imavuta kwambiri anthu odwala chiwindi, shuga kapena amene chitetezo cha m'thupi chinatsika.

Bambowa azivala golovesi potsegula, azisunga oyster pozizira nthawi zonse, ndipo iliyonse yoyasama imene sikutseka akaigogoda aziitaya. Akadzicheka, chala n'kuyamba kutupa ndi kufiira, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo akanene kuti amagwira nkhono za m'nyanja yamchere.