Tacitus, Mboni Imene Sinakonde Akristu

ANA a Amalaŵi amene anakulira ku Mbare, Highfield kapena Mufakose amadziŵa kuŵaŵa kwa dzina lachipongwe. Agogo awo anachoka ku Nyasaland kukafuna ntchito mu Salisbury, ndipo eni dziko ena anangowatcha onse mabhurandaya, potengera dzina la Blantyre. Komatu dzina lonyozalo limachitira umboni wakuti iwo analipodi, ndipo limasonyanso kumene anachokera. Zofananazo zinachitikira Akristu oyambirira m'zolemba za Cornelius Tacitus.

2 Tacitus anabadwa cha mu 56 C.E., nakhala phungu wa Roma ndipo pambuyo pake bwanamkubwa wa chigawo cha Asia. Buku lake lotchedwa Annals limasimba za mafumu a Roma kuyambira imfa ya Augustus mu 14 C.E. kufikira nthaŵi ya Nero. Zigawo zake zina zinatayika. Mbali imene tikupendayi inatifika kupyolera m'kope limodzi lokha, lolembedwa pamanja ku Monte Cassino m'zaka za zana la 11.

3 Mu July 64 C.E. moto unabuka m'Roma. Malinga ndi Tacitus, mwa zigawo 14 za mzindawo, 3 zinapseratu, 7 zinatsala mabwinja, ndipo 4 zokha zinapulumuka. Mphekesera itafala yakuti Nero ndiye analamula kuutentha, iye anakankhira mlanduwo pa Akristu. Ena anavekedwa zikopa za nyama nakhadzulidwa ndi agalu; ena anatenthedwa monga miuni usiku. Kodi Tacitus anawamvera chisoni? Iye anaona chikhulupiriro chawo kukhala mwambo wovulaza, komabe anavomereza kuti anthu anayamba kuchita nawo chifundo poona kuti ankaphedwa kungokhutiritsa nkhanza ya munthu mmodzi.

4 Pofotokoza magwero a dzina lawo, iye analemba kuti Christus anaphedwa ndi Pontius Pilatus mu ulamuliro wa Tiberius. Umboni umenewu ngwamphamvu kwenikweni chifukwa chakuti wolembayo analibe chifukwa chowakondera. Ngakhale ndi tero, sanali wosalakwa. Anatcha Pilatus procurator, pamene mwala wopezedwa ku Caesarea mu 1961 umamutcha praefectus, dzina laudindo logwiritsiridwa ntchito m'Yudeya panthaŵiyo.

1. Kodi dzina lachipongwe lingachitire umboni motani?
2, 3. (a) Kodi Tacitus anali yani? (b) Kodi nchifukwa ninji Nero anaimba mlandu Akristu?
4. Kodi mwala wa ku Caesarea ukuwongolera chiyani?