Mwana Wosauka Nayenso Ndi Mmishonale

Ambuye Charles de Forbin-Janson, Episkopi wa ku Nancy m'dziko la France, adamva za ana otayidwa ku China. Atakambirana ndi Pauline Jaricot, mu 1843 adapempha ana a kwawo zinthu ziwiri: Tikuoneni Mariya mmodzi tsiku lililonse ndi kandalama kamodzi pa mwezi. Umo ndimo lidabadwira bungwe la Utumiki wa Ana, limene lidakhala la Apapa mu 1922.

Anzanga aseminale, ena mwa ife adzatumidwa kunja, koma ntchitoyi timaiphunzira pa tchuthi, pophunzitsa katekisimu m'miphakati ya ku Nambuma, Nsaru kapena Namitete. Chiyeso chake ndi kukopa ana ndi maswiti. Adzabwera ndithu, koma maswiti akatha mudzatsala nokha pansi pa mtengo ndi buku lanu. Apatseni ntchito: wina atsogolere korona, wina akatungire madzi agogo odwala, wina abweretse kambale ka mtedza kothandizira ana amasiye.

Inu makolo, musamletse mwana kupereka ponena kuti pakhomo palibe kanthu. Zimene anawa amasonkha pa Lamulungu la Epifaniya zimakafika kwa anzawo a maiko ena amene sadzaonana nawo.