Chitsulo cha ku Chisenga ndi Fumbi Lomwe Limabala Mapulaneti

Mu Januwale 1988, chitsulo cholemera pafupifupi makilogalamu 4 chinagwa kuchokera kumwamba ku Chisenga, kufupi ndi kuno ku Wenya, m'boma la Chitipa. Chitsulocho n'chakale kuposa mwala uliwonse wa m'mapiri a Mafinga. Ndikufuna tione komwe chinachokera, chifukwa nkhani yake ndi ya dziko lathu lomweli.

Nyenyezi imabadwa pamene chimtambo cha mpweya ndi fumbi chakokana n'kuunjikana pakati. Zotsala zimazungulira nyenyeziyo zitaphwatalala ngati lichero. Fumbi lake n'losalala kuposa ufa woyera. Tinthu take tikagundana pang'onopang'ono timamatana, n'kupanga timibulu ngati ta m'phala losatakasa bwino. Timibulu timakula n'kukhala miyala. Mwala ukafika makilomita angapo, mphamvu yake yokoka imayamba kusonkhanitsa zinthu zoyandikana nawo. Mapeto ake ndi pulaneti. Dziko lathu linapangika chonchi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni zapitazo.

Mwina mukuti, "Inu munaliko?" Ayi ndithu, koma zomwezi tikuziona zikuchitika kwina. Mu 2014, makina oonera kutali a ALMA, omwe ali ku Chile, anajambula nyenyezi yaing'ono msinkhu yotchedwa HL Tauri. Kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 450 kuti kufike kuno. Pachithunzipo pali lichero la fumbi lokhala ndi mipata yozungulira. Asayansi ambiri akuganiza kuti mipatayo ndi njira zomwe mapulaneti akhanda akusesa poyenda.

Nanga chitsulo chija? Si mwala uliwonse womwe unakwanitsa kukhala pulaneti. Ina inakula pang'ono, n'kutentha mpaka kusungunuka. Chitsulo, poti n'cholemera, chinamira pakati, miyala yopepuka n'kukhala pamwamba. Kenako inagundana n'kuphwanyika, ndipo zidutswa zake zikuzungulirabe dzuwa. Cha ku Chisenga ndi chimodzi mwa zidutswa zapakati pa chimwala chotere.

Apa ndiye pali phindu. Pakati pa dziko lathu palinso chitsulo, koma chimayambira makilomita pafupifupi 2,900 pansi pa mapazi athu, ndipo palibe anakumbapo kufika kumeneko. Chitsulo chakugwa kumwamba chimatilola kugwira ndi manja zofanana ndi zomwe zili pansipo.

Tayesani funso ili musanagone: n'chifukwa chiyani chitsulo chinamira pakati, osati miyala? Yankho lili m'phunziro la density la Physics.