PHUNZIRO 14: KUFUNA KWA MUNTHU NDI MPHAMVU YA GULU

Tiwerenge

Kodi munthu amachita zimene wafuna yekha? Kapena amangotsata zimene mudzi, mwambo ndi boma zamuikira? Anthu ophunzira akhala akutsutsana pa funso limeneli.

Émile Durkheim wa ku France analemba mu 1895 kuti malamulo ndi miyambo zimamkakamiza munthu, pakuti pobadwa amazipeza zilipo kale. Max Weber wa ku Germany, amene anamwalira mu 1920, anati tiyambe tafunsa cholinga cha munthuyo. Munthu asanachite kanthu amaganiza, ndiponso amayang'ana zimene anzake angachite.

Tiyeni tione kwathu kuno ku Angónia.

Pa nthawi ya Apwitikizi kunali msonkho ndi chibalo. Mwamuna ankagwidwa kukagwira ntchito imene sanaifune. Wokana ankamenyedwa ndi mbalamatodya. Makolo athu sanasankhe zimenezi. Komabe sanali ngati ng'ombe za pangolo. Ena anapirira kuti asasiye manda a makolo awo. Ena anadumpha malire kupita ku Nyasaland. Ena anakafuna ntchito ku Rhodesia. Wothawa mmodzi sankawadandaulitsa atsamunda. Koma pamene othawa anachuluka, antchito ndi okhoma msonkho anachepa. Lamulo la chibalo linathetsedwa mu 1961.

Nkhondo ya pachiweniweni itafika, mabanja ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, banja lililonse linadzifunsa: tibwerere kapena tidikire? Ambiri anayamba amva kaye kwa amene anatsogola. Mmodzi akabwerera n'kulima, anzake ankalimba mtima. Motero midzi inadzukanso.

Dima imatiphunzitsa zomwezi. Mwambo wa dima tinaupeza. Koma kunyamula khasu m'mawa ndi kufuna kwa mwini. Akakana onse, dima yatha. Akabwera, munda umatha tsiku limodzi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Choncho munthu sasankha nthawi ndi malo obadwira. Koma amasankha chochita pamenepo, ndipo zosankha za anthu ambiri zimasintha mudzi.

Mawu atsopano

cholinga, kukakamiza, kusankha, gulu

Tikambirane

1. Kodi Durkheim ndi Weber anasiyana pati?
2. Tchulani njira zitatu zimene makolo anatsata pa nthawi ya chibalo.
3. Ndani anakulimbikitsani kubwera kusukulu ya kwacha? Nanga inu mwalimbikitsa yani?

Tilembe

Lembani m'kope mwanu: Ndimasankha ndekha, koma sindikhala ndekha.