Kudzala Nthochi m'Dziko la Chisanu: Malangizo kwa Mabanja Okhala ku Britain

Nthochi imene imapirira chisanu cha ku Britain imatchedwa Musa basjoo. Kwawo ndi ku China, koma inafika ku Ulaya kudzera ku Japan, n'chifukwa chake ogulitsa mbewu amaitcha nthochi ya ku Japan. Tinene poyambirira pomwe kuti pasadzakhale kudandaula: iyi si nthochi yodikira mkoko. Ikabereka, zipatso zake zimakhala zing'onozing'ono, zodzaza njere, zosadyeka. Phindu lake ndi masamba, otalika kupitirira mita, opatsa mthunzi komanso abwino kukulungira mkate.

Nthochi za kabuthu ndi sukari, zomwe tinazolowera kumudzi, sizingagone panja m'Januwale wa kuno. Musavutikenso kubisa mphukira m'sutikesi pochokera kwathu. Lamulo sililola kulowetsa mbewu yopanda chikalata chotsimikiza kuti ilibe matenda, ndipo tonse tikudziwa zomwe matenda a chisaka anachita ku Thyolo ndi ku Mulanje. Gulani mbewu yanu konkuno.

Kudzala

Dikirani mpaka kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, chisanu chitatheratu. Sankhani malo owomba dzuwa, makamaka pafupi ndi khoma loyang'ana kummwera, pomwe mphepo siwomba kwambiri, chifukwa mphepo imang'amba masamba n'kuwasandutsa nsanza. Kumbani dzenje la masentimita 60 m'lifupi ndi kuya komwe, musakanize dothi ndi manyowa owolerana bwino. Ngati dothi lanu ndi lamakande, losunga madzi, thiranimo timiyala ting'onoting'ono ndipo mukwezeko pang'ono pamalopo. M'chilimwe nthochi ndi yadyera: imafuna madzi ambiri ndi feteleza wokhala ndi nayitirojeni, kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Kukatentha bwino imatulutsa tsamba latsopano pafupifupi sabata iliyonse.

Nyengo yozizira

Apa ndiye pagona nkhani. Chisanu choyamba, cha mu Okutobala kapena Novembala, chimadetsa masamba usiku umodzi wokha. Mudzadzuka n'kuwapeza ali lende, akuda bii. Musachite mantha. Moyo wa nthochi uli m'chitsa chapansi, ndipo chitsa chofunditsidwa bwino chimapirira ngakhale kuzizira kutafika madigiri 10 pansi pa ziro. Chomwe chimapha nthochi zambiri ndi chinyontho chikakumana ndi kuzizirako.

Dulani masamba onse akufa koma thunthu mulisiye. Zingirizani thunthulo ndi waya wa khola la nkhuku, kusiya mpata wa masentimita 30 mbali zonse, ndipo mumpatamo mudzaze udzu wouma, osautsendera kwambiri. Pamwamba ikanipo chovundikira choti mvula isalowe pakati pa thunthu, m'mbali musiye mpweya uzidutsa. Pansi unjikani makungwa kapena masamba ouma mozungulira tsinde.

Ambiri amalakwitsa pokulunga thunthu lonse ndi pulasitiki, ena mpaka matumba a zinyalala, poganiza kuti akulifunditsa. Thunthu la nthochi ndi madzi okhaokha. M'pulasitiki limachita thukuta, ndipo pofika Malichi mumapeza phala lonunkha.

Kodi n'kofunika kuvutika chonchi? Ku Cornwall ndi m'katikati mwa London, komwe chisanu sichiluma kwenikweni, nthochi yokhwima imatha kudutsa osakulungidwa. Chakumpoto, ku Yorkshire ndi ku Scotland, musayerekeze. Thunthu likapulumuka, nthochi imayambira pomwe inalekera n'kufika mamita 3 kapena kupitirira. Likafa, imayambiranso pansi. Zazing'ono za m'miphika ingozilowetsani m'galaja, muzizithirira patalipatali.

Kuvundukula

Chotsani udzu mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi. Mukapeza nsonga yafewa, dulani ndi mpeni wakuthwa pang'onopang'ono kutsika m'munsi mpaka mufike pomwe mtima wa thunthu uli wolimba ndi woyera. Pakapita masiku ochepa, tsamba lopindika limasuzumira pakati pa podulapo. Ngati thunthu lawola mpaka pansi, musathamangire kukumba chitsa, chidikireni mpaka Juni, chifukwa nthawi zambiri ana amatuluka m'mbali. Chenjerani ndi nkhono, zimakonda masamba anthete.

Anawo akafika m'bondo, m'chilimwe, adulireni ndi fosholo pamodzi ndi mizu yawo n'kuwaika m'miphika, koma awiri kapena atatu muwasiye pa make. Nyengo yozizira yawo yoyamba, a m'miphikawo agonere m'nyumba.