Phunziro: Aphunzitsi Augustine Ambali a ku Msumba

Ana inu, khalani cete mumvetsere nkhani ya aphunzitsi akale. Dzina lawo linali Augustine Ambali. Iwo anaphunzitsa ku Msumba, mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya Niassa. Lero malowa timawachula Messumba. Ali m'boma la Lago, m'cigawo ca Niassa, kuno ku Moçambique.

A Ambali sanabadwire ku Msumba. Anabadwira kutali, m'dziko limene lero ndi Tanzania, kufupi ndi nyanja ya mcere. Makolo awo anali a mtundu wa Azaramo.

Masiku amenewo kunali malonda oipa ogula ndi kugulitsa anthu. Mnyamata Ambali naye anagwidwa ukapolo. Anamcotsa kwa amayi ake. Anamcotsa kwa atate ake ndi abale ake onse. Iye anatsala yekha pakati pa anthu acilendo.

Mwamwayi, mnyamatayo anaomboledwa. Amishoni a mpingo wa Anglican anamlandira pa cilumba ca Zanzibar. Kumeneko analowa sukulu ya Kiungani. Anaphunzira kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Atakula, anakhala mphunzitsi.

Pambuyo pake a Ambali anabwera ku nyanja yathu kudzagwira nchito pamodzi ndi wansembe William Johnson. Amishoniwo anali ndi sitima yochedwa Charles Janson. Sitimayo inaikidwa pamadzi m'caka ca 1885. Inkanyamula aphunzitsi kupita nawo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja.

Nchito inali yovuta. Cinyanja sicinali cilankhulo ca kwawo, koma anaciphunzira kwa eni mudzi. Anthu ankakhala mwamantha cifukwa ca nkhondo za Angoni. Mabuku kunalibe. Masileti kunalibe. Nanga aphunzitsi akanatani? Iwo analemba A, B, C pa cikopa ca mbuzi. Ana ankayang'ana pa cikopaco, kenaka nkumalemba pansi ndi zala.

Pang'onopang'ono ana anadziwa malembo. Anayamba kuwerenga mawu. Ena mwa iwo atakula anakhalanso aphunzitsi.

A Ambali anakhala ku Msumba zaka zambiri. M'caka ca 1906 anadzozedwa unsembe. Analembanso buku lofotokoza moyo wawo, lochedwa Thirty Years in Nyasaland. Anamwalira m'caka ca 1931.

Taonani, ana inu. Munthu amene anagulitsidwa ngati katundu ndiye anadzaphunzitsa ana a m'mbali mwa nyanja kuwerenga. Anataya mudzi wa makolo ake, koma anapeza abale atsopano pakati pa Anyanja. Inu lero muli ndi buku m'manja, ndipo lalembedwa m'cilankhulo canu. Lisamaleni, ndipo musajombe kusukulu.

Mawu atsopano

Kapolo: munthu wogwidwa ndi kugwiritsidwa nchito mokakamiza, popanda malipiro.
Kuombola: kumasula munthu wogwidwa.
Cilumba: mtunda wozunguliridwa ndi madzi mbali zonse.
Sileti: kabolodi kakang'ono kamene ana akale ankalembapo.

Mafunso

1. Kodi makolo a aphunzitsi Ambali anali a mtundu wanji?
2. Cinacitika nciyani ali mwana?
3. Anaphunzira sukulu kuti?
4. Analemba A, B, C pa ciyani?
5. Kodi Msumba ili m'cigawo citi?

Citani izi

Tulukani panja ndi aphunzitsi anu. Salazani mcenga ndi dzanja. Lembani a, e, i, o, u ndi cala. Kenaka lembani lembo loyamba la dzina lanu.

Kwa makolo

Amayi ndi abambo, muwerengereni mwana nkhaniyi madzulo. Ngati simuwerenga, mwanayo akufotokozereni zimene wamva. Pitani naye kwa agogo akawafunse kuti: “Agogo, mphunzitsi woyamba m'mudzi muno anali ndani? Anacokera kuti? Ankaphunzitsira pati?” Mawa mwanayo adzauze anzake m'kalasi.