Musanalole opaleshoni, kamvereni kwa dokotala wina

Mayi, ngati munauzidwa kuti muli ndi endometriosis ndipo mphatso ya mwana ikuchedwa, si mwano kukamva maganizo a dokotala wachiwiri. Matendawa amayamba minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero ikamera kunja kwake: pa timatumba ta mazira, pa machubu, nthawi zina pa matumbo. Bungwe la WHO limati amagwira mayi mmodzi mwa khumi aliwonse a msinkhu wobereka. Ambiri amangouzidwa kuti ndi cham'mimba, chidzatha akadzabereka, zaka n'kumapita.

Yambani ndi mapepala. Sonkhanitsani buku lanu la kuchipatala, zotsatira za sikani, ndi mabokosi a mankhwala amene mwamwapo. Ngati munachitidwapo opaleshoni, bwererani komweko mukapemphe lipoti lolemba: anaona chiyani, anachotsa chiyani, mbali iti. Zingakudyereni sabata kapena kupitirira, koma mukapita chimanjamanja dokotala watsopanoyo adzayambiranso poyamba, inu n'kulipira kawiri zinthu zomwezo. Lembaninso masiku amene mwakhala mukusamba ndi amene ululu umakula.

Bambo asatsale kunyumba. Kuyeza umuna n'kotchipa kusiyana ndi zoyeza za mayi, kumangofuna kuti akhale masiku 2 mpaka 7 osagonana. Zimachitika ndithu mayi kung'ambidwa pamimba, vuto lina lili kwa bambo.

Funani dokotala wodziwa za matenda a amayi. Ku zipatala zikuluzikulu za boma, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, simulipira kuonana naye, koma mutenge kalata yokutumizani kuchokera ku chipatala chanu ndipo mukonzekere kudikira. Ku chipatala cholipira mumaonedwa msanga, koma kuonana ndi dokotala, sikani ndi kuyeza magazi, chilichonse chili ndi mtengo wakewake. Funsani mitengoyo musanalowe.

Mukakhala pansi, nenani poyera kuti chimene mukufuna ndi pakati. Zikuoneka zodziwikiratu, koma apa mpomwe ambiri amasokonekera. Mapiritsi olera ndi jakisoni wa Depo amathandiza ululu wa matendawa, koma simungaime mukuwagwiritsa ntchito, ndipo sawonjezera mwayi wobereka mukawasiya. Depo ngwoti ukamusiya, kubereka kumatha kuchedwa kubwerera miyezi yambiri, ena mpaka chaka. Wazaka 24 angadikire. Wazaka 37 aganize kawiri, chifukwa kuyambira zaka 35 mazira amatha mofulumira, ndipo miyezi isanu ndi umodzi yoyesa osaima ndi yokwanira kufunira thandizo.

Nkhani yaikulu ndi ya mpeni. Pochotsa chotupa cha matendawa pa thumba la mazira, mnofu wina wabwino umapita nawo limodzi, ndipo mazira otayika sabwereranso. Opaleshoni yachiwiri pamalo omwewo imaononga kuposa yoyamba. Sindikunena kuti mukane. Pali zotupa zazikulu, zopweteka kwambiri kapena zokayikitsa zoyenera kuchotsedwa. Koma funsani: chotupachi n'chachikulu masentimita angati? Chili mbali imodzi kapena zonse? Tikachisiya miyezi ingapo chichitike n'chiyani? Mudzang'amba pamimba, kapena mudzaboola timabowo n'kulowetsa kakamera? Pemphani akuyezeni magazi a AMH, oonetsa kuchuluka kwa mazira otsala, opaleshoni isanachitike. Funsaninso ngati machubu ndi otseguka. Kujambula kwake, kotchedwa HSG, kumachitika msambo utangotha, choncho werengani masiku musanawononge ndalama ya basi.

Madokotala awiriwo akasiyana mawu, musathamangire amene walankhula zokoma. Muuzeni wachiwiriyo zimene woyamba ananena, afotokoze chifukwa chake akuona mosiyana, ndipo alembe m'buku lanu. Musasiye mankhwala panokha, komanso musabise ngati mukumwa azitsamba.

Mwina adzatchula IVF, njira yokumaniza dzira ndi umuna kunja kwa thupi. Kuyesa kamodzi kumatenga sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi, kumadya mamiliyoni a makwacha, ndipo ambiri saima ulendo woyamba. Mukaganiza zopita ku South Africa kapena ku India, onjezerani za ndege ndi malo ogona. Musanagulitse munda, pemphani chipatala chikupatseni mtengo wonse polemba, kuphatikizapo wa mankhwala, ndipo mufunse kuti mwa amayi a zaka zanu amene anathandizidwa pamenepo, ndi angati anabereka mwana wamoyo.